Kamlomo ka Nkhungu

Kachulu, kwa Mwambo
Zomba
14 Okutobala

Mwana wanga Fadila,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Joniko, ndi kuti chifuwa chija chinakusiya. Ife kuno tadzuka. Mayi ako akudandaula bondo, koma pakamwa pali bwinobwino. Nyanja yathawanso, mabwato agona pamatope, ndipo masana chilumba cha Chisi chimaoneka ngati chikuyandama m'mwamba.

Foni yanga sukuyankha, n'chifukwa chake ndapatsira Lyson wa thiraki uja kalatayi. M'kansalu kali mu envulopumu muli kanthu kako. Uyambe wawerenga usanamasule.

Ukukumbukira kamlomo ka mkuwa kamene unapangira nyumba yathu ya bowa, nsomba zitasowa? Kapaipi ka madzi pakati, kena kokulirapo kokazungulira, kodutsa mpweya wa pampu. Uli kuno sindinakayamikire. Utachoka m'pamene ndinayamba kukayang'ana.

M'mawa uliwonse ndinkaponda pampu nthawi imene dzuwa limalowera pa mng'alu wa khoma la bango. Madzi ankatuluka ngati ulusi woongoka, waufupi ngati chikhadabo. Kenaka ulusiwo unkanjenjemera, mpweya n'kuusenda m'mbali, n'kuduka tiziulusi, tiziulusito n'kusanduka timikanda, timikandato n'kusanduka nkhungu.

Nkhunguyo sinkagwa. Inkangoyenda pang'onopang'ono pakati pa matumba a bowa, ine n'kuiwala kuti phazi likuponda. Masiku ena ndinkaonamo iweyo uli wamng'ono, ukupemerera madzi a m'kamwa padzuwa kuti uone utawaleza. Mayi ako ankandiseka kuti ndakwatira mkazi wachiwiri m'nyumba ya bowa.

Tsono imva zimene ndachita. A Grace ndi amayi a gulu lawo lolima bowa anabweretsa matumba makumi asanu kuti ndiziwasamalira pamodzi ndi athu. Ndinakulitsa nyumba. Ndiye ndinati m'mutu mwanga, nyumba yakula kawiri, kamlomo nako kakule kawiri. Si mmene timakhomera bwato lalikulu, thabwa lililonse kungoonjezera?

Ndinapita nako kwa Makisoni wowotcherera zitsulo kuti akulitse mabowo onse awiri. Asanaboole anandifunsa ngati ndakufunsa. Ndinamuyankha kuti ine sindingafunse mwana wamkazi za chitsulo.

Mawu amenewa ukuwadziwa. Ndi omwe ndinakuuza pa siteji tsiku lonyamuka, pamene ndinaseka anthu akumva kuti anzako akuphunzira unamwino, iwe ukukwera basi kukaphunzira kupemerera madzi. Sunandiyankhe, ndipo mpaka lero sunandiyankhe.

Nkhungu ija inatha, mwana wanga. Tsopano madzi akutuluka onenepa, kutalika ngati chala, kugwedezeka mwaulesi, n'kugwa ngati madontho a denga lodontha. Ndaponda pampu mpaka ntchafu kuphwanya. Bowa wapafupi akuwola, wakutali akuuma n'kung'aluka. Matumba khumi ndi awiri tataya kale. Otsalawo tikuwateteza ndi masaka onyowa, koma ndi kutentha kumeneku sapirira mwezi.

Dzana ndinakhala pansi n'kuyang'anitsitsa pamene madziwo akudukira. Mawu ako anandibwerera, akuti chong'amba madzi si kuchuluka kwa mpweya koma liwiro lake. Pampu ndi yomweyo, khomo ndalikulitsa, ndiye mpweya ukungotuluka mwachifatse ngati ife potuluka mu mzikiti Lachisanu. Unkanenanso kuti kukulitsa chinthu kuli ndi masamu ake. Ine ndinkayesa ndi chizungu cha kusukulu.

A Grace anabwera dzulo. Anayendera matumba awo limodzi limodzi, osakalipa. Pakhomo anangoti, "A Amidu, amene akudziwa za kanthuka munam'bereka nokha. M'funseni."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinakusowa kwambiri.

Masula kansaluko tsopano, muli kamlomo kako kaja. Ndakawononga ndine, Makisoni alibe mlandu. Sindikupempha kuti unditumizire kena. Undijambulire papepala miyeso yake, ndiponso chifukwa chake, m'Chichewa choti bambo ako amve. Ukati tipange tating'ono titatu m'malo mwa kamodzi kakakulu, ndidzatero, osaonjezerapo ngakhale tsitsi limodzi. Ukaimba foni, ndidzakhala chete mpaka umalize.

Ndikufuna ndidzaionenso nkhungu ija, iwe utaima pambali panga ukundiuza mayina a zimene ndikuona.

Allah akusunge, akupatse mphamvu pa maphunziro ako. Upereke moni kwa azakhali ako a Latifa ndi ana onse. Mayi ako akuti uzivala juzi ngakhale kunja kutawala.

Ndine bambo ako, amene lero akufunsa mwana wamkazi za chitsulo,

Amidu