Batani Lotuwa

Lolemba, 2 Juni

Ampatsa iye. Wamagalasi.

Ntchito yolumikiza makhadi a maseva ku kaundula wa antchito. Maganizo anga enieni. Chilowereni muno nyimbo yanga ndi yomweyi. Maseva athu ali mumzinda wina, timawayatsa ndi kuwazimitsa tili pano kudzera pa khadi lili m'kati mwake. Ndiye ofesi yonse izilowa pa khadilo ndi pasiwedi imodzi, yomata kunsi kwa kiyibodi? Aliyense azilowa ndi dzina lake, kaundula azimuvomereza. Abwana ankangoti, "Tiona, mnyamata." Lero aona. Aona iye.

Oyeserera tilipo awiri, malo okhazikika amodzi. Mwezi ukatha wina azipita.

Lachitatu, 4 Juni

Ine tsiku lonse kunsi kwa matebulo, kusintha mawaya. Mawondo fumbi lokhalokha. Iye pawindo, pa kompyuta yaikulu, juzi yake yobiriwira ija, abwana ataima kumbuyo kwake mutu gwedegwede.

Kukoleji ankakopera manotsi anga. Chabwino, si kawirikawiri. Koma ankakopera.

Alamu pofika kunyumba: "A injiniya, babu la kubafa lapsa. Kapena limeneli silinali pa silabasi?" Achemwali kuseka mpaka kutsokomola. Nsapato yakumanzere yayasama. Ya nyowani mpaka ntchito ikhazikike.

Lachisanu, 6 Juni

Zamuyendera. Wapanga magulu awiri m'kaundula: oyang'anira ndi ongoona. Ndalowa pa khadi ndi dzina langa, koyamba. Ndisaname, zikugwira bwino, bwino kwambiri. Kenako batani loyatsira: lotuwa, losadinika. Ndili kwa ongoona.

"Asankha ndi abwana, si ine," watero. Ndi kumwetulira kwake kuja.

Lachiwiri, 10 Juni

Pamsonkhano akufotokoza ntchito yake, ndachiona. Kaundula amakhala m'seva yomweyo imene khadi limayatsa. Magetsi akathima kumeneko, seva yagona, kaundula wagona nayo. Khadi lifunsa yani kuti uyu ndi wathu? Wolowa palibe, woyatsa palibe, mpaka munthu akwere basi. Ndipo pasiwedi yakale ija wanena ndi pakamwa pake kuti waifufuta.

Abwana: "Alipo wafunso?" Ndinayang'ana cholembera changa.

Jenereta ya kumeneko imadzuka ikafuna. Ndidikira.

Lachinayi, 12 Juni

Wandibweretsera tiyi, shuga wake mmene ndimakondera. Akuti, "Iwe maso ako ndi akuthwa, palibe chimene ndaphonya?" Ndati ayi, zonse zili m'malo.

Pobwerera m'basi ndadzipeza ndikupempherera magetsi kuti athime. Ine amene ndinabwera kudzasintha zinthu.

Lolemba, 16 Juni

Athima m'mawa. Seva yagona, ofesi yonse manja m'matumba, a kumalipiro akubwera pakhomo pathu mosinthana. Ine ndinali nditaimirira kale, mawu nditawakonza, nkhope yachisoni nditaivala.

Iye phee. Ali ndi akaunti ina yolowera pa khadi, ya pangozi, yosadalira kaundula. Anaipanga Lachinayi madzulo, abwana akudziwa. Magetsi kungobwera, walowa, wadina batani loyatsira. Zonse zayaka tiyi wa abwana asanapole. Anthu kuwomba m'manja. Inenso ndawomba.

Wandipeza pamakwerero. Sanakweze mawu. "Unachiona Lachiwiri lija, eti? Nkhope yako inanena. Ine ndinachitulukira mawa lake. Ndinakufunsa dala, kuti ukanena ndikawauze abwana kuti wachipeza ndiwe."

Akanandinyoza bola.

Mawa abwana atiitana mmodzimmodzi, za malo aja. Ayamba ndi iye. Ngati wawauza, sanandiuze, ndipo kufunsa ndalephera.

Babu la kubafa ndaika. Nsapato ndamata, malaya ndasita. Abwana akandifunsa kuti nanga iwe unakhaliranji chete, ndidzati chiyani?