Tsiku Limene Chitsa Chinadzuka

Keatley Hollow,
West Virginia.
9 Meyi, 2022

Okondedwa mlongo wanga Verlie,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndaiwerenga mofatsa, makamaka ndime ija munaidula mzere kunsi, yonena kuti malinga muli moyo, njinga zaphokoso sizidzathamanga pa phiri la makolo athu. Mawu anuwo sindikuwapeputsa, pakuti theka la phirilo ndi lanu monga bambo analigawira. Komabe ndikupempha kuti mundilole kufotokoza zimene zachitika kuno, kenaka muweruze nokha. Ndikhulupirira kuti mphepo youma ya ku Arizona ikuchitirabe chifundo chifuwa chanu.

Munamva kale kuti chimphepo cha mu Febuluwale chinagwetsa mitengo pa kanjira kokwera ku manda a banja lathu, koma sindinakuuzeni kukula kwake. Mitengo inagona mopingasa kuyambira pa mtsinje mpaka pamwamba. Ndinayesa kukwera ndi bondo langali, ndinabwerera panjira. Motero chiyambire nthawi imeneyo sindinakaone manda a mkazi wanga, mlamu wanu Almeda, amene ndinazolowera kukacheza naye Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Tsiku lina, nditapita ku tauni kukaonana ndi dokotala pa tinkhani ta ukalamba, ndinapatukira kwa a Birchfield, mkulu woyendetsa za maliro uja, ndi kuwafunsa, mwachidwi chabe, ngati galimoto lawo lingakwere phiri lathu. Anandiyankha mwaulemu kuti ngakhale bulu sangakwere, ndi kuti masiku ano anthu a m'mapiri akuikidwa m'manda a m'tauni, m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinawathokoza, ndinavala chipewa changa, ndi kutuluka.

Tsono za okwera njinga aja. Mtsogoleri wawo ndi Twila Ratliff, amene ndinamuphunzitsa ali mtsikana, ndipo tsopano ndi namwino. Njinga zawo ndi zamoto, za matayala anayi, zokhoza kuyenda pamene galimoto silingayende. Monga ndinakulemberani, malo amene ankachitirapo mpikisano wawo wa m'nkhalango anagulitsidwa, ndipo akupempha kudutsa pa phiri lathu mu Sepitembala, iwo n'kumatilambulira njira chaka ndi chaka. Nditamuuza Twila kuti mwakana, sanakwiye. Anangoti, "Za mpikisano tizisiye kaye, aphunzitsi. Mitengoyo tibwera kudzadula Loweruka. Achemwali anuwo akana liwiro, nanga macheka akananso?"

Ndinafufuza m'kalata yanu, za macheka sindinapezemo. Zoti machekawo amakwera phiri atamangidwa pa njinga, ndinazizindikira mochedwa.

Loweruka m'mawa anafika atatu: Twila, mwamuna wake Dewey, ndi mnzawo Garland Stamper, chimunthu chachitali choyendetsa lole ya malasha. Asanamwe n'komwe khofi amene ndinawakonzera, mkangano unabuka pakhonde. Garland anabwera ndi chimacheka cha petulo chotalika ngati mwendo wanga, pamene Dewey ananyamula kakang'ono ka batire kamene wagula posachedwa. Mundikhululukire polemba mawu awo monga anawayankhulira.

"Iwe Dewey," anatero Garland, "kameneka n'kodulira mitengo kapena n'kometera ndevu?"

"Seka, achimwene, seka. Pofika masana ukhala ukukokabe chingwe cha chilombo chakocho, thukuta kamukamu, ine nditadya kale."

"Batire ikakuthera kuphiriko ukaibaya pati? Pa mphuno pako?"

"Nanga chakocho chikwera bwanji pa njinga? Ukachigulire mpando wakewake."

"Amuna inu," anatero Twila, "mtengo sudulidwa ndi pakamwa. Mangani onse awiri, phiri likaweruze."

Mukudziwa kuti ine chinthu chachilendo sindichisiya ndisanachifunse. Ndinaphunzira kuti wolambula njira sasankha macheka chifukwa cha mphamvu zokha. Amayang'ana ngati angamangike bwino kumbuyo kwa njinga, ngati sataya mafuta pa chitsikira, ndiponso ngati amalira msanga, chifukwa mtengo uliwonse umafuna kutsika, kudula, ndi kukweranso. Garland anandionetsa kanoledwe ka mano a tcheni ndi tupa wozungulira, dzino limodzi limodzi, ndipo anandiuza kuti macheka akuthwa amalavula tizipalamandu, pamene obuntha amalavula ufa. Ndinadabwa kuti ndakhala pakati pa mitengo moyo wanga wonse osadziwa zimenezi.

Apa ndiyenera kuulula. Cholinga changa chinali kuwaperekeza mpaka pa mtsinje. Koma Twila anandiveka chisoti cholimba pamutu, ine ndili mu jekete ndi tayi, nati ndikhale kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti sikoyenera kuti munthu wa msinkhu wanga agwire mkazi wa mwini m'chiuno, choncho ndinamugwira kolala ya malaya.

"Ndiye mwasankha kolala?" anatero tili pakati pa madzi. "Aphunzitsi, mundipotokola khosi! Gwirani m'chiuno. Dewey sangachite nsanje ndi munthu amene amamuopa mpaka lero."

"Zoona, madala," anafuula Dewey. "Mukagwa ndiye mundilembetsa chibalo."

Ndinagwira, mlongo wanga. Ndipo ndinganame kunena kuti sindinakondwe. Njingayo imakwera mwala ngati mbuzi, tayala limodzi likutsika linzake likukwera, ndipo ndikufunabe kumvetsa chimene chimailetsa kugubuduzika.

Tinakwera pang'onopang'ono, iwo akudula ndi kukankhira zipika kumbali. Mtengo wotsamira pansi mbali zonse ziwiri amayamba kuucheka pamwamba pang'ono n'kumalizira kunsi, kuopa kuti ungapane macheka. Poyenda ankamanga tinsalu tofiira pa nthambi. Anati n'chizolowezi chabe, popeza chilolezo alibe, koma maso awo sangaone chitunda osachiyesa. Ankatsutsana ngati othamanga adzawoloke pa matope a pa kasupe kapena adzazungulire, ndiponso pamene njira iyenera kutambasuka kuti wothamanga kwambiri apitirire mnzake popanda ngozi. Ndinafunsa chimene amalandira wopambana. Akuti ndi kathabwa kolembedwa dzina.

"Anthu akuluakulu, a mabanja awo, kusamba matope tsiku lonse chifukwa cha kathabwa?" ndinatero.

"Nanga inu, aphunzitsi," anayankha Garland, "Chilatini chija munkatizunza nacho, eni ake anafa kalekale, munkalandirapo chiyani?"

Ndinaona kuti funsolo n'lachilungamo, ndipo ndikuliganizirabe.

Titafika pamwamba mtima wanga unagwa. Mtengo wathundu uja bambo anadzala kumutu kwa manda a amayi unazuka wathunthu, n'kugwera kunja kwa mpanda wa manda, kutseka chipata. Mizu yake inaima m'mwamba ndi dothi lake ngati khoma la nyumba, ndipo kuseri kwake kunali chidzenje. Garland anamwetulira ngati mwana, pakuti apa ndiye panali pa ntchito ya chimacheka chake. Anachiliza, nayandikira thunthu. Twila anamugwira phewa.

"Ukuthamangira kuti? Kudzenje wayang'anako ndani?"

Ndinafunsa tanthauzo lake, ndipo anandifotokozera lamulo la gulu lawo. Mtengo wozuka umagona chifukwa cha kulemera kwa thunthu ndi nthambi zake. Ukaudula pafupi ndi tsinde, chitsa chimapepukidwa, n'kudzuka mwadzidzidzi, kubwerera m'dzenje lake ndi dothi lonse lija. Agalu ndi ana amakonda kubisala m'maenje otere, ndipo mnzawo wina anataya galu wake mwa njira imeneyi. Kuyambira pamenepo palibe amene amadula mtengo wozuka wina asanazungulire kukasuzumira, ngakhale atakhala pakati pa nkhalango yopanda munthu.

"Aphunzitsi, manja anu ali chabe," anatero Twila. "Ntchito imeneyo ndi yanu. Kationereni."

Ndinazungulira ndi ndodo yanga, ndikudzifunsa ngati chitsa chingadzukedi kapena akundiseka. Galu munalibe. Koma pansi pa dzenje, pakati pa mizu yothyoka, ndinaona ngodya ya mwala wosalala, ndi chilembo chimodzi chikuonekera m'matope. Ndinatembenuka kuyang'ana kumutu kwa manda a amayi: panalibe kanthu. Verlie, unali mwala uja bambo anausema ndi manja awo nyengo yonse yachisanu amayi atamwalira, inu mukuwagwirira nyali. Mizu inaukumbatira kwa zaka zonsezi, ndipo pozuka inapita nawo.

Pa zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinakuwepo m'kalasi. Tsiku limenelo ndinakuwa. Garland anazimitsa injini, phiri lonse linangoti zii.

Anabwera onse atatu, nasuzumira m'dzenjemo. Kenaka Garland anavula jekete lake, natsikira m'dzenjemo, ndi kufukula matope ndi manja. Mwala unali utapanidwa ndi mizu iwiri, pamalo popanikiza pamene chimacheka chake sichikanalowa popanda kukanda zilembo. Anakweza maso.

"Dewey, bwera nako kometera ndevu kaja."

Dewey anatsika, nadula mizuyo mosamala ngati sing'anga wa opaleshoni. Sananyoze, kufikira mwala utamasuka. Pamenepo ndiye ananong'ona kuti, "Ndevu zake ndi zimenezi, achimwene." Anaukulunga mwalawo m'jekete la Garland kuti chingwe chisaupweteke, ndipo Twila anaukoka ndi chingwe chachitsulo cha kutsogolo kwa njinga yake, pang'onopang'ono, mpaka unagona pa udzu. Dzina la amayi lili lonse, palibe chilembo chotayika.

Atatero anandiimika patali, ndipo Garland anadula thunthu. Ndikanakonda mukanaona. Macheka atangotulukira, thunthu linagwa, ndipo khoma lonse lija la mizu linayamba kuyenda lokha, poyamba mozengereza ngati nkhalamba yodzuka pa mpando, kenaka mwaliwiro, n'kugwera m'dzenje kuti dii! Nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi anga. Chitsa chinaima chilili pamalo pamene bambo anadzala mtengo, ndipo dzenje linatsekeka ngati silinakhalepo. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana. Pakanapanda lamulo lija la agalu, mwala wa amayi ukanakhala pansi pamenepo mpaka tsiku la chiweruzo, ife n'kumati waba ndani.

Anauimika pamalo pake, atavula zisoti zawo. Kenaka Twila anapita pa mpanda, namasula kansalu kofiira kamene Dewey anamangapo pofika. "Ngati achemwali anu angadzalole," anatero, "liwiro lidzadutsa kuseri kwa phiri. Kuno kudzangofika njira yodzera okonza manda, ndipo tsiku la mpikisano mmodzi wa ife adzaima pachipata." Ine sindinamupemphe zimenezo.

Pamene iwo ankadya nyemba ndi buledi wa chimanga amene ndinawanyamulira, ndinapita kwa Almeda. Manda ake ali bwino, ndipo maluwa achikasu aja anadzala yekha pa mpanda anaphuka popanda wowaona. Malo a pambali pake anali atakwiririka ndi nthambi. Ndikuyesa kuzikoka ndi ndodo, Garland anafika, chakudya chili kukamwa.

"Apa pagona ndani, madala?"

"Palibe," ndinayankha. "Pakadali pano."

Anandiyang'ana, nameza, natenga kamacheka ka Dewey osapempha. Anadula nthambi zonse, nazitaya kunja kwa mpanda, nasesa malowo ndi phazi mpaka udzu unaoneka.

Tsono pempho langa ndi ili. Njira ndi yotsegula lero, koma mitengo imagwa chisanu chilichonse, ndipo njira yosayendedwa nkhalango imaitenganso. Anthuwa ndi okoma mtima, koma ali ndi ntchito ndi mabanja. Sindingawaitane chaka ndi chaka kudzalambula phiri limene sakuloledwa kuthamangapo, ndipo n'kutheka kuti chaka china woitanayo sadzakhalapo. Phokoso limene mukuopa ndi la tsiku limodzi. Ndalimva ndi makutu anga, ndipo ndaonanso kuti amadziwa polizimitsa. Ngati mungavomere, mundiyankhe Juni asanathe, kuti akhale ndi nthawi yokonza njira yawo. Mukakana, ndidzawauza mawu anu monga alili, osachotsapo kapena kuonjezerapo.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu Nadine ndi mwamuna wake, ndi kwa adzukulu onse. Muwauze kuti agogo awo a kuphiri anakwera njinga atavala tayi, ndipo sanagwe. Mwambo wolambula ndi kukongoletsa manda uchitika Lamlungu lachiwiri la Juni monga mwa nthawi zonse. Mukabwera, Twila walonjeza kukukwezani, ndipo ndikukulangizani kugwira m'chiuno, osati kolala. Ndikufuna mudzaone mwala wa amayi ndi chitsa chija ine ndikukulozerani ndekha, choncho musadikire chaka chamawa. Dzulo ndinadutsiranso kwa a Birchfield, ndipo akuti galimoto lawo silingakwerebe, koma ngolo yokokedwa ndi njinga ingathe, njira ikakhala yolambula. Garland ali nayo ngolo yotero. Ndinaiyeza ndi maso, ndipo ndi yokwanira.

Ambuye akusungeni kufikira tionane pa phiri.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Thurman E. Keatley