Mphesa za Amuna Anga Zachita Chuku M'firiji

Aphungu,

Amuna anga, a Bonifasi, ali kumigodi ku Joni. Atabwera kutchuthi anabzala kamtengo ka mphesa kuseri kwa nyumba, ndipo pokwera sitima pobwerera anati, "Kakadzabala ine n'kulawa, ku Joni ndatsazika." Chaka chino kabala. Iwo afika Khirisimasi ili pafupi, koma mphesazo zayamba kale kupsa ndipo mbalame sizikuzipatsa mpata.

Mmwenye wa sitolo amene ndimamugulitsa mazira ali ndi firiji ya palafini, ndipo anavomera kundisungira. Ndinathyola masana, n'kuzitsuka mpaka kafumbi koyera ka pakhungu pake kanachoka konse. Kenako ndinazikulunga m'masamba a nthochi onyowa monga timachitira ndi ndiwo zamasamba. Pasanathe sabata zinachita chuku. Zosapsa ndinazivundikira mumphika ngati nthochi, koma zinangofota, kuwawasa kuli komweko.

Zimenezi zandizunguza mutu. Chinthu chingawole bwanji m'malo ozizira chonchija? Nthochi imapsa mumphika, nanga mphesa ikukaniranji? Ndipo kafumbi kaja n'chiyani? Mumtengo mwatsala matsango ochepa, ndipo ndili ndi mantha kuti amuna anga adzapeza masamba okha.

J.B., Golomoti

Mayi J.B.,

Ukhondo wanu ndi umene wakulakwitsani. Kafumbi kaja si litsiro, n'chovala chimene mphesa imabadwa nacho kuti isafote msanga, ndiye inu munazivula n'kuzigoneka pamadzi. Chuku chimakonda chinyezi, ndipo kuzizira sikuchipha, kumangochichedwetsa. Za mumphika muiwale. Mphesa ikachoka mumtengo kupsa kwathera pomwepo, siwonjezeranso kutsekemera.

Matsango otsalawo amangeni ndi kansalu kopyapyala kuti mbalame zisawapeze, ndipo apsere mumtengo momwemo. Dulani ndi sizasi m'mawa mame atauma, dzuwa lisanawawe, mutagwira phesi osati zipatso. Chotsani yong'aluka iliyonse, chifukwa imodzi imawoletsa tsango lonse. Musatsuke. Yalani pepala louma m'kabokosi, ikani matsango osasanjikiza, phimbani ndi pepala lina, ndipo pitani nazo kusitolo nthawi yomweyo. Pemphani kuti zikhale kutali ndi pamene pamaundana madzi, ndiponso kutali ndi nsomba. Muzikaziona kawirikawiri. Mudzatsuke tsiku lodya.

Amuna anu angadzakuuzeni kuti m'minda yaikulu ya kumwera amazifukiza ndi utsi wa mankhwala otchedwa salufa. N'zoona, koma musayesere pakhomo, utsiwo umapweteka m'chifuwa.

Chenjezo langa ndi ili, mayi. Firiji ya palafini imazima, sitima nayo imachedwa. Musasiyire mphesa ntchito yobweza mwamuna pakhomo. Lembani kalata sabata ino muwauze ndi mawu anuanu kuti mwatopa kukhala nokha, mphesa zisungike kapena ziwole.

Aphungu