Ndagula Makina Amene Munakana

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumeneko. Kodi chifuwa chija munkatsokomola pafoni chinatha? Nanga alamu anga ali bwanji ndi mtima wa ukwati umenewu? Kuno tilipo ndithu. Amayi miyendo ija ndi mwa apo ndi apo, koma pakamwa pali bwinobwino, tsiku silipita osandikalipira.

Mudabwa kuona kalata pomwe timayankhulana pafoni sabata iliyonse. Foni ndimayankhira pabalaza adadi ali pomwepo, ndipo makutu awo mukuwadziwa, amamva ndi zonong'ona za kuseri kwa khoma. Nkhani iyi sindingaikambe iwo akumva.

Ndalama munatumiza zogulira adadi makina oikira nyimbo zija zinafika, ndipo makinawo ndinagula. Koma si amene munandionetsa pachithunzi, a sikirini yogwiragwira ndi polowetsa fulashi aja. Ndinagula enawo, a zimbale zokhazokha, omwe munati ndi achikale ndipo ndisawayang'ane n'komwe. Musanapse mtima, werengani mpaka kumapeto.

Achimwene, adadi sakuona. Diso lamanzere linatheratu chaka chatha, lamanja latsala ndi chifunga chokha, amangozindikira kuti apa pali zenera. Adokotala akuti ndi shuga uja, ndipo zobwerera palibe. Anatilumbiritsa ine ndi amayi kuti tisakuuzeni, ati mwana ali kutali asamagwire ntchito ndi mtima uwiri. Lero ndaswa lumbirolo.

Inenso ndinadziwa mochedwa, komanso ndinadziwa mochititsa manyazi. Mukukumbukira zikwama zawo zitatu za zimbale zija? Loweruka lina ndinalowa m'chipinda chawo cha mawaya kukasesa, ndipo ndinapeza zimbale zili chisawawa, za tchalitchi pakati pa zovina, zakale pakati pa zatsopano. Mwa changu changa ndinazikhutula zonse pamphasa n'kuzisanja bwinobwino motsata zilembo. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndine mwana wabwino.

Mawa lake masana anali ndi ntchito kuholo ya sukulu, phwando lotsanzikana ndi mphunzitsi wina wopuma. Ndinawaperekeza kukanyamula masipika. Itakwana nthawi yoti mphunzitsiyo alowe akuvina, adadi anapisa m'chikwama, anawerenga matumba ndi chala, anatulutsa chimbale n'kuika. M'holo munamveka nyimbo ya pamaliro.

Anthu anaseka poyesa nthabwala. Adadi anazimitsa msanga, anapisanso, inatulukanso ina yosayenera. Kenako kunangoti zii. Munthu amene zaka makumi atatu anthu akhala akumutchula kuti Sadukiza, chifukwa nyimbo zake sizisiya mpata, anaima chimbale chili m'manja, atachiyandikitsa pamphuno penipeni, akulephera kuwerenga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chisawawa chija chinali dongosolo lawo. Ankadziwa chimbale chilichonse ndi malo ake, ine n'kuwasokonezera.

Pobwerera sananditukwane. Anangondifunsa ngati ndinasesanso pansi pa tebulo.

Tinatha milungu iwiri tikubwezera zimbalezo, ine kuwerenga maina, iwo kunena malo. Pofuna kuti zisadzachitikenso, ndinatenga utoto wanga wa zikhadabo n'kumadontheza timadontho pakathumba ka chimbale chilichonse. Dontho limodzi ndi zovina, awiri ndi zodyera, atatu ndi za tchalitchi. Akamapapasa amadziwa. Amati aka n'koyamba kuona utoto umenewu ukugwira ntchito ya phindu.

Ndiye makina awo akale aja anafa, amodzi anameza chimbale osalavula, enawo amangodumphadumpha. Inu munatumiza ndalama ndi chithunzi, ife tinapita kusitolo ya zoimbira Lachitatu m'mawa.

Pakauntala panali mitundu iwiri yokha yomwe thumba lathu likanafikira, yonse ya anthu ongoyamba kumene. Adadi anaseka, ati pambuyo pa zaka zonsezi abwerera ku sitandade wani. Wogulitsa, bambo wina wadazi wolankhula ngati wailesi, anayamba kutamanda anu aja. Ati nyimbo zikwi zimalowa m'kafulashi kamodzi, ati ungogusa pagalasi dzina la nyimbo laoneka, ati zikwama za zimbale ndi zolemetsa msana pachabe. Kunena zoona ndi okongola, osalala ngati mbale yadothi yodyera alendo, opanda pokodola chala paliponse.

Adadi anawerama, anayendetsa chala pagalasipo, akugwedeza mutu ngati katswiri. Kenako anati zilembo zake zikuoneka bwino kwambiri, mwana wanga wasankha bwino.

Achimwene, makinawo anali osayatsa. Waya wake unali wokulungidwa pambali, galasi lili bii.

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Wogulitsa uja anayang'ana waya, anayang'ana adadi, anayang'ana ine. Ndinapukusa mutu pang'ono kumupempha. Munthu amene ndinkamuona ngati wolongolola uja anatseka pakamwa, anakankhira makina anu pambali, n'kukoka ena aja a zimbale, omwe amabwera awiriawiri. Anawalumikiza onse awiri ku mikisa yosakanizira nyimbo ndi kusipika, anawapatsa adadi mahedifoni, n'kunena kuti: “Madala, sikirini ndi ya ana. Akatswiri amasankha ndi zala. Tatsinzinani muyese awa.”

Adadi anatsinzina, ngati kuti kutsinzinako kunasintha kanthu. Anayamba kupapasa. Mabatani ake ndi otukuka, loyambitsira nyimbo ndi lalikulu lozungulira, loimitsira pamene ukufuna ndi la makona, sungawasokoneze. Gudumu lake lokankhira nyimbo kutsogolo kapena kumbuyo lili ndi mizere m'mbali. Kachitsulo kothamangitsira kapena kuchedwetsera nyimbo kakafika pakati kamalira kuti tha, ndiye munthu amadziwa kuti liwiro labwerera m'malo. Atamva kulira kumeneko anamwetulira, kumwetulira komwe sindinakuone chichitikireni za kuholo zija.

Anapisa m'thumba la jekete. Kani anabwera ndi zimbale ziwiri kuchokera kunyumba osandiuza. Anaika yoyamba, anapendeketsa mutu kumvetsera yachiwiri kukhutu limodzi monga amachitira, chala chili pagudumu. Nyimbo yachiwiri inalowa pansi pa yoyamba, ine wodziwa nyimbo zonsezo sindinamve polumikizira. Mayi wina wogulitsa nsapato pakhonde anasuzumira pakhomo akugwedeza mapewa. Wogulitsa anandinong'oneza kuti makina amenewo akhala pashelefu chaka chathunthu, kani ankadikira mwini wake.

Potuluka adadi anandifunsa ngati tatenga amene achimwene ako ananena. Ndinati eya. Iwo anati chabwino. Tonse awiri tinadziwa kuti tikunamizana, ndipo tinakwera basi makatoni ali pamiyendo.

Tsopano ndifike pamene pandilembetsa kalatayi. Dzulo pafoni munati akuchikazi apeza mnyamata wa laputopu woti adzaike nyimbo paukwati wanu, adadi adzangokhala kutebulo lapamwamba apume. Ndikudziwa munanena mwachikondi. Koma foni inali pasipika. Adadi anayankha kuti zili bwino, mutadula analowa m'chipinda chawo, ndipo masana onse simunamveke nyimbo.

Simukudziwa zimene zikuchitika kuno. Chigulireni makinawo, tsiku lililonse ndikaweruka kuntchito amanditumiza kugeti kuti ndiyende pang'onopang'ono mpaka pakhomo ngati mkwatibwi, iwo akuwerenga masekondi kuti adziwe poyambira nyimbo yolowera. Amayi ndi amene amakhala mkwati, ndi ndodo yawo, akung'ung'udza njira yonse kuti mkwati wanji wodwala nyamakazi. Aneba anazolowera, ena amaimba m'manja. Adadi aika nyimbo pamaukwati a ana a anthu osawerengeka, ndipo wanu ndi umene akhala akuudikira.

Tsiku lina tikupuma pakhonde anandiuza kuti: “Nkhope ya mpongozi wanga sindidzaiona. Koma akadzalowa ndi nyimbo yanga, ndidzamva mapazi ake.”

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu, ndipo ndagwada. Mnyamata wa laputopuyo abwere, palibe vuto, adzatenge madzulo onse anthu a msinkhu wathu adzavine zawo. Koma polowa panu ndi ola loyamba muwasiyire adadi. Muwaimbire nokha, muwapemphe ngati mukupempha katswiri, osati ngati mukuwachitira chisoni, chifukwa chisoni amachinunkhiza patali.

Chachiwiri, nyimbo zomwe inu ndi alamu mukufuna munditumizire mwezi uno, musadikire kubwera nazo pafulashi, poti makina athu alibe polowetsa. Ndidzazijambula pazimbale, ndidonthezepo utoto wanga, iwo aziloweze. Amafunika milungu ingapo kuti nyimbo yachilendo ikhazikike m'zala.

Chachitatu ndi chovuta. Mukadzafika pakhomo musadzaime chete kudikira kuti akuzindikireni. Mudzayambe ndinu kulankhula muli pageti, mokweza, monga munkachitira pochoka kusukulu. Za kalatayi musadzatchule. Akadzafuna kukuuzani adzakuuzani okha.

Za mantha kuti angadzalakwitse pamaso pa apongozi anu, zisiyeni kwa ine. Ndidzaima pambali pawo tsiku lonse. Tinapangana kale kuti chitseko cha holo chikadzatseguka ndidzawagwira paphewa kamodzi, mukadzafika kutsogolo kawiri. Amene anasokoneza zimbale ndine, ndiye ndilekeni ndikonze.

Ngati mwakwiya kuti ndinagula zimene munakana, kwiyirani ine, ndazolowera kuyambira tili ana. Koma yankho la pempho langali ndikulidikira Lamlungu pafoni, ndipo foniyo idzakhala pasipika.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti diresi asankhe lomwe angayende nalo masekondi makumi anayi, chifukwa ndi pamene nyimbo yawo imafika pokoma. Moninso kwa anzanu a m'nyumba aja. Amayi akuti muzivala juzi. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Pamene ndikumaliza, adadi alowa kufunsa chimene ndikulemba. Ndawauza kuti ndi kalata ya kwa inu. Akuti ndikuthokozereni chifukwa cha makina, ndipo ndikuuzeni kuti zilembo zake zikuoneka bwino kwambiri. Ndalemba monga anenera.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba