Mbale Yanu Ili Kutchire

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Musafulumire kunena kuti muli bwino, chifukwa sindikhulupirira. Munthu angakhale bwino atamulanda mbale yake? Kapena simunaone zimene achita achimwene a Yona pamanda panu?

Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndataya mwambo. Mlongo wanga Esinati wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akalira mudzi wonse umadziwa, ndiye dzinalo sanaphonye. Mtedza wachita bwino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Denga la khitchini yanu layamba kudontha. Ine ndikadali pa chiwongolero konkuno ku Doha, kuyendetsa madamu ndi ana awo ku Al Messila. Za kutentha musafunse.

Tsono nkhani ya mbale. Paja munkati, "Ndikadzafa mudzandiikire mbale yanga ndi kapu, ndisamakabwereke kwa anzanga ngati mlendo." Tinkaseka, koma tsiku lokuikani ndine ndinatenga msomali ndi mwala, n'kubowola mbale yanu ya maluwa ofiira ija pamodzi ndi kapu, monga ankachitira makolo, n'kuziika pamtumbira. Sabata yatha achimwene ananditumizira chithunzi cha chiliza chimene takumangirani. Chokongola ndithu, matailosi waliwali. Mbale palibe. Nditafunsa anati, "Iwe Limbani, zachikunja zimenezo, tinataya kutchire. Ukufuna abusa podzapemphera adzapeze zimbale zadzimbiri?" Ndinawadulira foni. Mtima wangawu mukuudziwa, ndinatengera inu nomwe.

Nditazizira ndinayamba kukayika. Mwina akunena zoona. Iwo anafika Folomu 4, ine sukulu ndinalekera panjira, Chingerezi changachi ndinachita kutola m'mabuku a galimoto.

Lachisanu ndinali pa ofu. Mnzanga Ajusa wa ku Mangochi, mlonda wa pahotela, anati tikaone myuziyamu, chinyumba choonetseramo zojambula, kumene ine ndimangotula alendo a madamu n'kudikira panja. "Lero nafenso tikhaleko alendo," anatero. Ndinavala malaya a kutchalitchi.

Amayi, ndinalowa ndi mutu wabwinobwino, ndinatuluka ndi wina. Chipinda choyamba ndinachimva: nkhope za anthu, akavalo, ngalawa. Chachiwiri munali chinsalu chachikulu ngati chitseko cha galaja, chopaka utoto wabuluu wokhawokha, pakati kamzere kamodzi. Ndinayesa wopentayo utoto unamuthera. Mzungu wina anaima pamenepo, dzanja pachibwano, ngati walandira uthenga wa maliro. Ndinaima pambali pake, nanenso dzanja pachibwano, kudikira kuti chimene akuonacho chindifikire. Sichinabwere. Kwina kunali mawaya opiringizana ngati mpanda wogundidwa ndi lole. Kwinanso mpando wabwinobwino, koma woletsedwa kukhalapo. Mpando!

Kenako tinalowa m'chipinda cha kamdima. Pakati panali mulu wa dothi, kutalika kwake ngati munthu wogona. Pamwamba pake mbale zachitsulo ndi makapu, zonse zobowola pansi. Ndinavula chipewa n'kunjuta. Ajusa, ngakhale kwawo sachita zimenezi, anadzaima kumbuyo kwanga. Pomwepo panafika atsikana awiri n'kuyamba kudzijambula ndi foni, mano onse panja, zala ziwiri m'mwamba, wina mpaka kutsamira chingwe chotchingira muluwo. Ndinaphulika, amayi. Chingerezi chinathawa, ndinawakalipira m'Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Kwanu kulibe maliro inu? Wagona apayu ndi mnzanu wosewera naye?

Mlonda wa m'menemo anabwera chothamanga, uku akuti, "Khalasi, khalasi!" ndiye kuti basi, zithe. Ndinamufunsa kuti wagona apa ndani, nanga abale ake analola bwanji. Iye anangondilozera kachikwangwani pakhoma. Amayi, palibe amene anaikidwa pamenepo. Dothilo anachita kubwera nalo. Amene anapanga zimenezi ndi wamoyo, akudya bwino ku Ulaya, ndipo akuti mbalezo zikunena za anthu amene anachoka kwawo kukasaka ntchito, malo awo pa chakudya n'kutsala opanda munthu. Ndiye kuti ineyo! Ndinavulira chipewa manda anga omwe? Ajusa anaseka njira yonse mpaka ku Fereej Bin Omran kumene amagona. "Achimwene, lero mwakhuza maliro a dothi. Mwapereka zingati za chipepeso?"

Mpaka lero mutu sunakhazikike. Ngati zili zachabe, zinandigwetsa pansi bwanji, ine yemwe uja chinsalu chabuluu sichinandiuze kanthu? Ngati zili zenizeni, amalola bwanji anthu kusekerapo? Nanga wopangayo anadziwa bwanji zobowola mbale, kwawonso amatero kapena anaonera kwa ife? Mwina atsikana aja ndi amene anamvetsa, wopusa n'kukhala ine. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinaona ndi maso angawa. Mbale zopanda mwini, zimene palibe anadyeramo, azitchingira chingwe, azipatsa mlonda ndi mphepo yozizira ya makina. Yanu, imene munadyeramo zaka zonse zija, imene munaikwecha mpaka maluwa kuyamba kufufutika, ili kutchire, mbuzi zikuiponda.

Za luso lamakonoli sindingatsutsane ndi ophunzira, aziona okha zimene amaonazo. Koma apa pokha ayi. Munapempha chinthu chimodzi ndi pakamwa panu, tonse tikumva, achimwenewo ali pomwepo. Simunapemphe matailosi.

Vuto ndi lakuti achimwene foni yanga sakuyankhanso. Esinati ali m'chikuta, sangaponde kumanda. Ndipo akuti anyamata ogula zitsulo zakutha ayamba kuzungulira m'midzi ndi sikelo yawo. Akaipeza mbaleyo, yapita, mudzaimvera ku Lilongwe atayisungunula.

Tsono zatsalira inu. Muli moyo simunkatuma munthu pofuna kudzudzula mwana, munkapita nokha, chitenje mutamanga m'chiuno. Ayendereni kutulo achimwenewo. Muwaimirire kumutu, ndipo musawanyengerere chifukwa choti ndi oyamba kubadwa. Muwauze alowe m'tchiremo okha, atole mbale ndi kapu ndi manja awo, akabweze pomwe anazichotsa, abusa aone asaone. Akachedwa, mubwerenso mawa lake.

Ine mbali yanga ndi iyi: ndikadzabwera pa holide, ndidzazimata ndi simenti pachilizapo, kuti wofuna kuzichotsanso adzayambe wakabwereka nyundo, mudzi wonse ukumva.

Ndimakukondani, amayi, ngakhale kunena kwake kumandituluka mokalipa.

Ndine mwana wanu wa mtima wapachala uja,
Limbani