Uthenga wa Maliro Unakanidwa Panjira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kachebere tilipo, kungoti abambo miyendo ikuwavutabe, ndipo sakudya kwenikweni.

Adalaivala a thiraki aja anandiuza kuti mwakhumudwa poti maliro a amayi munawamvera kwa anthu apanjira. Achimwene, ine sindinakubisireni. Tsiku lomwe amayi anamwalira ndinathamangira kuboda, a Banda okiliya katundu aja anandilembera imelo yopita kuntchito kwanu pakompyuta ya muofesi mwawo. Thupi tinalisunga kumotchale ku Boma, abambo akukana kuti tiike: "Dikirani, mwana wanga ayankha." Mpaka amalume anati basi.

Sabata yatha a Banda anandiitanitsa. Akuti kuntchito kwanu anasintha njira yolandirira maimelo, chifukwa pa yakale ija akuba ankalemba m'dzina la abale n'kumanamiza anthu. Yatsopanoyi imakana uthenga wochokera m'makina achikale ngati a muofesi mwa a Banda. Ndiye kulira kwanga kunatayidwa pamodzi ndi mabodza a mbava. A Banda nawonso asintha makina awo tsopano, koma amayi tinaika kale.

Musatisungire chakukhosi. Lembani, ndidzawawerengere abambo. Mulungu akusungeni. Chiliza sitimanga mpaka mutabwera.

Ndine mlongo wanu,
Esinati