Mawu a Mayi Mwamwa Anatsala M'manja Mwathu

Kwa amuna awo a malemu, ana ndi abale onse, komanso kwa odwala amene mumalandira foni zathu m'mawa,

Ife a bungwe lokumbutsa odwala kumwa mankhwala kudzera pa foni tinalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya namwino wathu wamkulu, amene ambiri a inu simunawaonepo nkhope koma mumawadziwa ndi dzina loti Mayi Mwamwa. Tachedwa kulemba, ndipo chotichedwetsa si chisoni chokha ayi, komanso manyazi, pakuti tinalakwira banja lino pa nthawi imene linkafunika mtendere.

Asanabwere kwa ife, malemuwa anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna odwala chifuwa chachikulu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi amene anasiyira mankhwala panjira. Ife titayamba ntchito yathu, tinkagwiritsa ntchito mawu a makina, aulemu ndi osalala, koma odwala ankangodula foni. Ndiye tinawapempha mayiwa kuti tijambule mawu awo. Analowa m'kachipinda kathu kosungiramo katundu, komwe tinatchinga zenera ndi matiresi kuti phokoso la mumsewu lisalowe, nakhala pa katoni ya magolovesi n'kunena kuti: "Mwadzuka bwanji? Mwamwa? Musandinamize, ndikukuonani." Odwala ankaseka, kenako n'kumwa. Ena ankayankha ndithu, n'kumafotokoza za miyendo yotupa ndi za adzukulu osamva, ngakhale kuti kumbali inayo kunalibe womvetsera. Alipo anthu ambiri amene ali moyo lero chifukwa choopa kunamiza mawu amenewo.

Tsiku lojambulalo tinawafunsa zambiri ndipo anavomera zonse, koma funso limodzi sitinalifunse: kodi mawuwa tidzatani nawo mwini wake akadzatisiya? Ine amene ndikulemba pano ndimakonda mafunso ozunguza mutu, ndipo ndimaphunzitsa anzanga kuti pa zaumoyo palibe choyamba kuposa chilolezo cha munthu. Funso lapafupi chonchi silinandifike n'komwe m'mutu.

Amuna awo a malemu amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo nambala yawo anailembetsa kwa ife ndi mayi omwewa. M'mawa wotsatira tsiku la maliro, abale atakhala pabalaza, foni ya bambowa inalira. Poganiza kuti ndi wina wopepesa, anaikweza kuti onse amve. Onse anamvadi: "Mwamwa? Musandinamize, ndikukuonani." Tauzidwa kuti mng'ono wa malemu anagwetsa makapu n'kuthawira panja akulira. Tikadakonda kunena kuti kompyuta inalakwitsa, koma sinalakwitse. Inachita ndendende zimene tinaiuza, pa nthawi yake, mokhulupirika kuposa ife.

Masana a tsiku lomwelo mwana wamkazi wa malemu anafika ku ofesi kwathu, ndipo mpando anaukana. Anati: "Achimwene, amayi anga tawaika dzulo, inu mwawadzutsa kale kuti akugwirireni ntchito? Anakupatsani ndani?" Tinazimitsa mawuwo nthawi yomweyo n'kubwezeretsa a makina aja, ndipo odwala anayambiranso kudula foni.

Patapita masiku mwana uja anabweranso, ulendo uno ndi bambo ake. Bambowo anakhala pansi, navula chipewa, nandiuza kuti:

"Mwana wanga, mayi ameneyu wandikalipira m'mawa uliwonse chikwatiranire. Chimuzimitsireni sindinamwe ngakhale piritsi limodzi. Kamakina kanuko n'kaulemu kwambiri, angakaope ndani?"

Ine ndinati: "Ababa, ndi mawu ojambulidwa chabe. Sakukumvani."

"Ndikudziwa. Nanga ali moyo ankadikira yankho langa?"

Mwana wamkazi uja anaseka, kenako analira.

Mwana akunena zoona kuti amayi ake si chipangizo cha bungwe, ndipo ayenera kupuma. Bambo akunenanso zoona kuti popanda mawuwo moyo wawo uli pachiswe, monganso moyo wa odwala ena ambiri. Ndalitembenuza funsoli mbali zonse, ndipo ndapeza kuti amene akadaliyankha ndi munthu mmodzi yekha, yemwe tinakhala naye zaka zonsezi, tikumwa naye tiyi, osamufunsa.

Choncho tasiya chigamulo m'manja mwa banja, kumene chinayenera kukhala kuyambira pachiyambi. Banja lagwirizana kuti mawu a mayi abwerere pa nambala imodzi yokha, ya bambo. Kwa ena onse akhala chete mpaka ana adzanene okha, ndipo akadzati afufutidwe, tidzawafufuta iwo akuona. Anamwino ena amene tinajambula mawu awo tayamba kuwafunsa funso lija mmodzimmodzi, akadali ndi mwayi woyankha.

Kwa inu odwala, sitikufuna kuti mupitirize kucheza ndi munthu amene simukudziwa kuti anatisiya. Mayi Mwamwa anamwalira. Mawu amene muzimva tsopano ndi ena, osazolowereka, ndipo mwina sakusangalatsani. Tikukupemphani kuti musadule foni, pakuti chimene mayiwa ankafuna si kuti muziwakonda iwo, koma kuti muzimwa mankhwala.

M'malo mwa anamwino, akatswiri a makompyuta ndi onse ogwira ntchito m'bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa banja lonse, pa imfa imene yakugwerani komanso pa chisoni chimene ife tinawonjezerapo. Sitikukukakamizani kutikhululukira msanga. Tikupempha kuti Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, ndipo mzimu wa mayi wathu uuse mumtendere umene ife tinachedwa kuwapatsa.

Bambo, mawa m'mawa foni yanu ilira. Muiyankhe muli nokha, madzi ali pafupi, ndipo musawanamize.

Mkulu wa bungwe,
m'malo mwa ogwira ntchito onse